Kodi Nthaka Yokumbidwa Ingachire? Phunziro Lochokera ku Bamburi ndi ku Kabwe

Aliyense amene anaumbitsapo njerwa amaidziwa nkhuti. Nyumba imatha, eni ake n'kulowamo, koma dzenje limene munachoka dothi limatsala kuseri. Dzinja likafika limadzaza madzi, udzudzu umaswana, ndipo makolo amangokhalira kuletsa ana kuti asasewere pafupi. Ngakhale papite zaka, chimanga sichibereka pamalopo, chifukwa nthaka yachonde inapita ndi njerwa.

Mgodi ndi nkhuti yaikulu. Simenti, malata, mawaya a magetsi, malasha ndi foni ya m'manja, zonsezi zinayambira m'dzenje linalake limene anthu a m'tauni sadzalionapo. Phunziro la sabata ino likufunsa funso limodzi: miyala ikatha, makina n'kuchoka, malo aja angabwererenso mwakale? Yankho lake ndi lakuti nthaka imatha kuchira, koma siichira ndi mwambo wodzala mitengo wa tsiku limodzi. Imachira ngati anthu adziwa bala limene ili nalo, apirira zaka zambiri, ndipo alipo amene anavomera kulipira ntchitoyo kukumba kusanayambe. Malo awiri a mu Africa muno akuonetsa zimenezi bwino: Bamburi ku Kenya ndi Kabwe ku Zambia.

Mabala atatu amene mgodi umasiya

Bala loyamba ndi kuchoka kwa nthaka ya pamwamba. Nthaka yakuda imene mbewu zimadalira ndi yopyapyala, nthawi zambiri yosapitirira pamene khasu limafika. Mmenemo ndi mmene muli nyongolotsi, chiswe, nkhungu, tizilombo tosaoneka ndi maso, mbewu za udzu ndi masamba owola. Nthaka yotere imatenga zaka mazanamazana kuti ipangike yokha, koma katapila amaichotsa m'mawa umodzi. Zotsala pansi pake ndi thanthwe kapena dothi lakufa, lopanda chakudya cha mbewu.

Bala lachiwiri ndi kusokonezeka kwa madzi. Malole ndi makina olemera amatsendereza dothi mpaka kulimba ngati msewu, moti mvula siilowa pansi koma imangothamanga n'kukumba zigwembe. Maenje amasunga madzi osayenda, ndipo pena zitsime za m'midzi yoyandikana zimaphwa.

Bala lachitatu ndi poizoni. Miyala ina, makamaka ya m'migodi ya malasha, mkuwa ndi golide, ikatulutsidwa pansi n'kukumana ndi mpweya ndi madzi imapanga asidi. Asidiyo amasungunula zitsulo zoopsa n'kuzitengera mumtsinje. Migodi ina imasiya fumbi la mtovu, ndipo okumba golide ambiri amagwiritsa ntchito mercury, amene amatsalira m'matope ndi m'nsomba.

Si mgodi uliwonse umene umasiya mabala onse atatu. N'chifukwa chake ntchito yochiza nthaka imayamba ndi kuyeza, monga mmene dokotala amayambira ndi kufufuza matenda asanalembe mankhwala.

Bamburi: chipululu chimene chinasanduka nkhalango

Kumpoto kwa mzinda wa Mombasa, m'mphepete mwa nyanja yamchere, kuli fakitale ya simenti ya Bamburi, imene inayamba kupanga simenti mu 1954. Miyala ya laimu yopangira simentiyo ankaikumba pomwepo. Chaka ndi chaka dzenje linkakula, ndipo pansi pake pankatsala thanthwe loyera, lotentha kwambiri masana, lopanda dothi ngakhale lodzaza chikhatho. Madzi a pansi anali pafupi, koma anali amchere.

Mu 1959 kampaniyo inalemba ntchito katswiri wa zaulimi wochokera ku Switzerland, dzina lake René Haller, kuti azilima chakudya cha antchito ake. Mu 1971 iye anayamba kuyesa kudzala mitengo m'dzenje lija. Anayesa mitundu 26, ndipo itatu yokha ndi imene inapulumuka. Umene unachita bwino koposa unali casuarina, mtengo wa m'mphepete mwa nyanja wa masamba onga singano ngati a paini, umene umapirira mchere, dzuwa ndi mphepo.

Ngakhale casuarina yemweyo poyamba ankakula monyentchera. Haller anapita kukayang'ana mitengo ya mtundu womwewo imene inkakula bwino kunja kwa dzenje, ndipo anapeza kuti mizu yake inali ndi timabukutu momwe mumakhala tizilombo tothandiza mtengo kutenga nayitulojeni mumpweya, monga zimachitikira ku mizu ya mtedza ndi soya. Atabweretsa tizilomboto ku mbande zake, mitengo inayamba kukula msanga.

Kenako panabuka vuto lina. Masamba a casuarina ankayoyoka n'kuunjikana pansi, koma sankawola, chifukwa ndi olimba ndiponso owawa kwa tizilombo tambiri. Popanda kuwola, nthaka sikanapangika. Chithandizo chinachokera kwa kachilombo kamene ana amakaponda osakaganizira: bongololo wakuda wa miyendo yofiira. Haller anaona kuti abongololo amenewa amadya masamba ouma a casuarina. Anawatolera m'tchire la pafupi n'kuwamwaza m'nkhalango yatsopanoyo. Anaswana mwaunyinji, ndipo ndowe zawo zinakhala chiyambi cha nthaka yakuda pamwamba pa thanthwe.

Nthakayo inkawonjezeka pang'onopang'ono, masentimita ochepa pa zaka zambiri. Koma itangoyamba kupezeka, zinthu zina zinabwera zokha. Mbalame, mileme ndi anyani zinabweretsa njere za mikuyu ndi mitengo ina ya m'deralo. Ogwira ntchito anayamba kudula ena mwa ma casuarina n'kuwagulitsa ngati milimo yomangira, ndipo m'mipata yotsalayo ankadzalamo mitengo yachilengedwe ya m'nkhalango za m'mphepete mwa nyanja. Anakumbanso maiwe n'kuwetamo nsomba za mtundu wa makumba, zimene zimapirira madzi amchere pang'ono. Malowo anatsegulidwa kwa alendo mu 1984, ndipo lero amatchedwa Haller Park. Muli mvuu, akadyamsonga, ng'ona, akamba akuluakulu ndi mbalame zamitundumitundu, ndipo ana asukulu amapita kukaphunzira kumeneko. Mu 1987 nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe inapatsa Haller mphotho chifukwa cha ntchitoyi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mitundu 23 ya mitengo inafa ntchito isanaoneke mutu wake, ndipo kuchokera pa mbande zoyamba kufika pa tsiku lotsegulira alendo panapita zaka 13. Chofunika kuchigwira pa nkhaniyi ndi ndondomeko yake: poyamba mtengo wopirira, kenako tizilombo ta ku mizu, kenako abongololo, kenako nthaka, ndipo pomaliza nkhalango yeniyeni. Akanayamba ndi mitengo yokongola ya m'nkhalango, yonse ikanauma. Chinanso ndi chakuti kampani imene inakumba ndi yomwe inalipira, ndipo ntchito yokonza inkachitika uku kukumba kukupitirira mbali ina.

Kabwe: pamene mitengo siikwanira

Bamburi inali ndi mwayi umodzi: miyala ya laimu ilibe poizoni. Ku Kabwe, tauni ya kumpoto kwa Lusaka, nkhani ndi ina. Miyala ya mtovu ndi zinc inapezeka kumeneko mu 1902, pamalo amene atsamunda anawatcha Broken Hill. Kwa zaka pafupifupi 90 mgodi ndi ng'anjo zake zosungunulira miyala zinagwira ntchito, poyamba m'manja mwa makampani a eni, kenako m'manja mwa kampani ya boma, mpaka unatsekedwa mu 1994. Utsi wa ng'anjozo unamwaza fumbi la mtovu pa madenga, pa mabwalo a nyumba, m'misewu ndi m'madimba a m'makomboni monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Pamalo a mgodiwo panatsala mulu waukulu wa zinyalala, matani mamiliyoni angapo, umene anthu amautcha Black Mountain.

Mtovu suwola ndipo sutha mphamvu. Umene unagwa pabwalo zaka 50 zapitazo ukadali pomwepo. Mwana wokwawa amaika m'kamwa zala zafumbi, ndipo thupi la mwana limayamwa mtovu msanga kuposa la wamkulu. Umawononga ubongo umene ukukula, umachepetsa magazi, umavulaza impso, ndipo ukachuluka kwambiri umakomola ngakhale kupha. Mayi woyembekezera amaupatsira kwa mwana ali m'mimba. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene uli wosavulaza. Kafukufuku wobwerezabwereza wapeza kuti ana ambiri okhala pafupi ndi mgodi wa Kabwe ali ndi mtovu wochuluka kufika pofunika mankhwala apadera ouchotsa m'thupi. Vuto ndi lakuti mwana akalandira mankhwalawo amabwerera kunyumba komweko, kukasewera pa fumbi lomwelo.

Pamalo otere kudzala mitengo kokha kungathe kunyenga maso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiwo zamasamba zolimidwa pa dothi lotere zimanyamula mtovu kupita nawo m'mbale. Choncho kukonza kwake ndi kwina: kupala dothi loipa n'kukalikwirira pamalo otetezeka, kuthira dothi labwino pamwamba pa mabwalo a nyumba ndi a sukulu, kudzala kapinga kuti fumbi lisauluke, kuika phula kapena miyala m'misewu, ndiponso kuphimba mulu wa zinyalala uja. Mu 2016 World Bank inavomereza ngongole ya madola oposa 65 miliyoni yothandizira boma la Zambia pa ntchito yokonza malo owonongeka ndi migodi, kuphatikizapo Kabwe. Ana ambiri anayezedwa magazi n'kulandira chithandizo, ndipo malo ena anakonzedwa. Koma mulu uja sunathe, ndipo anthu osowa ntchito amapitabe kukafukula miyala yogulitsa, mphepo n'kumabwezera fumbi m'makomboni.

Funso lakuti alipire ndani lakhala likuvuta mpaka lero. Mu 2020 maloya anakasuma kukhoti la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi a ku Kabwe oposa 100,000, kusumira kampani ya Anglo American, imene inali ndi gawo mu mgodiwo kwa zaka zambiri boma lisanautenge. Kampaniyo imakana kuti ndiyo ili ndi mlandu, ndipo nkhaniyo yatha zaka ili m'makhoti. Pamene akuluakulu akutsutsana, ana amene anabadwa mgodi utatsekedwa kale ndiwo akulipira ndi matupi awo.

Mfundo zisanu za ntchito yochiza nthaka

Malo awiriwa akaikidwa pamodzi, pakutuluka mfundo zimene akatswiri a ntchitoyi amagwirizana.

Choyamba, kukonza kumayamba kukumba kusanayambe. Nthaka ya pamwamba iyenera kupalidwa payokha n'kusungidwa m'milu yaifupi yodzalidwa udzu. Ikasakanizidwa ndi miyala, kapena ikakhalitsa mumulu wautali, zamoyo za mkati mwake zimafa ndipo imasanduka dothi wamba.

Chachiwiri, nthaka ndi madzi ziyezedwe. Pamene pali asidi pamafunika laimu ndi kuphimba miyala yoipayo kuti isakumane ndi mpweya ndi mvula. Pamene pali mtovu kapena mercury pasalimidwe chakudya, ngakhale malowo aoneke obiriwira.

Chachitatu, malo awumbidwenso kuti madzi aziyenda bwino. Maenje akwiriridwe, maphompho atsetserekedwe, dothi lotsenderezeka ligawulidwe, ndipo m'malo otsetsereka mudzalidwe udzu wogwira nthaka monga vetiva.

Chachinayi, zomera zibwere motsatana. Zoyamba zikhale zopirira ndi zowonjezera chonde, zotsatira zikhale za m'deralo. Mtengo umene unathandiza ku Mombasa si umene ungathandize paliponse, ndipo mtengo wachilendo ukangosiyidwa umatha kulanda malo a mitengo yachilengedwe. Munda wa bulugamu yekhayekha si nkhalango yobwerera mwakale.

Chachisanu, ndalama zokonzera zisungidwe padera kuyambira pachiyambi. Mgodi umatsekedwa nthawi imene phindu latha, ndipo imeneyo ndi nthawi imene kampani ilibe chidwi chowonongeranso ndalama pamalopo. Maiko ambiri amalamula kampani kuika chikole m'manja mwa boma isanayambe kukumba, kuti ikathawa kapena ikagwa, ndalamazo zigwire ntchito yokonza. Chikolecho chikachepa, ngongole imagwera boma ndi anthu okhala pamalopo.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza Malawi

Boma la Malawi laika migodi pamodzi ndi ulimi ndi zokopa alendo ngati mizati yotukulira chuma. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga unagwira ntchito kuyambira 2009 mpaka 2014, ndipo unayambiranso mu 2025. Malasha akhala akukumbidwa ku Mchenga m'boma la Rumphi ndi malo ena a kumpoto. Ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe kukukonzedwa migodi ikuluikulu. Anthu wamba nawonso akukumba golide m'mphepete mwa mitsinje m'maboma angapo. Walira mvula walira matope. Dziko losauka silingakane migodi, koma lili ndi mwayi umene Kabwe inalibe mu 1902: likudziwiratu mmene malo amatsalira mgodi ukatsekedwa.

Malamulo a dziko lino amafuna kuti ntchito yaikulu ngati mgodi isanayambe pachitike kafukufuku wa mmene idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo anthu a m'deralo afunsidwe maganizo. Pa misonkhano yotere nkhani imakonda kuthera pa chipukutamisozi, ntchito za achinyamata ndi mjigo. Zonsezo ndi zofunika, koma pali mafunso ena amene amaiwalika. Nthaka ya pamwamba idzasungidwa kuti? Madzi a m'zitsime adzayezedwa kangati, ndipo zotsatira zake adzazimva ndani? Ndalama zokonzera malo ndi zingati ndipo zili m'manja mwa yani? Mgodi ukadzatha, malowo adzakhala munda, dambo la ziweto, nkhalango kapena dziwe? Ambiri okhala m'tauni ali ndi abale kumudzi kumene migodi ikufika, ndipo ena ndi maloya, aphunzitsi, anamwino, atolankhani ndi ogwira ntchito m'boma. Kuthandiza mudzi kuwerenga lipoti lachingerezi la masamba mazana ndi thandizo lenileni.

Tauni nayonso ili ndi migodi yake yaing'ono. Mchenga womangira umafukulidwa m'mitsinje mpaka magombe kugumuka ndi milatho kutsala pamtunda. Miyala ya kwale imaswedwa m'mapiri ozungulira mizinda. Nkhuti za njerwa zili paliponse pamene pakumangidwa nyumba zatsopano. Womanga nyumba amene amafunsa kumene mchenga wake wachokera, amene amapatula nthaka yakuda asanakumbe, n'kudzakwirira dzenje ndi kuibwezera pamwamba pamodzi ndi manyowa, akuchita pabwalo pake chimene chinachitika ku Bamburi. Nsangu, mthethe ndi gilisidiya ndi mitengo yodziwika bwino kuno yowonjezera chonde, ndipo ingathe kukhala yoyamba pamalo otere.

Kubweza chimene chinatengedwa

Mpingo unalankhulapo pa nkhani ya migodi. M'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, malemu Papa Fransisko anatchula kuipitsidwa kwa malo ndi mercury m'migodi ya golide, ndipo anadandaula za makampani amene amachita m'maiko osauka zimene sangaloledwe kuchita kwawo, n'kuchoka atasiya maenje, mitsinje yoipa ndi anthu opanda ntchito. Iye anaitcha imeneyi ngongole. Mawuwo akugwirizana ndi zimene mwana aliyense amaphunzira pa lamulo lachisanu ndi chiwiri: amene wawononga chinthu cha mnzake sakwanitsa chilungamo ndi kupepesa kokha, ayenera kubweza kapena kukonza. Mwini wake wa nthaka yokumbidwa si m'badwo uno wokha. Mwana wa ku Makululu amene akuvutika kuwerenga chifukwa cha mtovu sanalandireko kalikonse pa chuma cha mgodi uja, koma ndiye anatsala ndi dzenje.

Ku Bamburi thanthwe lopanda kanthu linasanduka nkhalango chifukwa amene anakumba anatsala pamalopo zaka makumi angapo, akuyesa, akulephera, akuyesanso. Ku Kabwe okumba anachoka fumbi lili pomwepo, ndipo patha zaka zoposa 30 ana akulipumabe. Migodi imene ikutsegulidwa lero idzatsekedwa tsiku lina. Mmene malo ake adzaonekere pa tsikulo zikukonzedwa panopa, m'mapepala amene akusainidwa ndi m'mafunso amene akufunsidwa kapena kusiyidwa.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Ndi malo ati m'dera la mphakati uno amene anawonongeka ndi kukumba mchenga, miyala kapena dothi la njerwa? Mwa mabala atatu aja, malowo ali ndi ati?

2. Ku Bamburi nthaka inayamba kupangika chifukwa cha bongololo. Ndi ntchito ziti zazing'ono, zosaoneka msanga, zimene zimatsalira mwambo wodzala mitengo ukatha, ndipo amazigwira ndani?

3. Mbande zimene parishi, sukulu kapena mphakati unadzala dzinja lapitalo, zilipo zingati zamoyo lero? Zimene zinafa zinafa ndi chiyani?

4. Ngati kumudzi kwa mmodzi wa a mumphakati kukubwera mgodi, ndi luso liti limene lilipo pakati pa akhristu a mumphakatiwo lothandizira anthu akumeneko kufunsa mafunso oyenera?

5. Pamene amene anawononga malo anachoka kale kapena sakudziwika, udindo wokonza ugwere yani, ndipo chifukwa chiyani?